Miyendo ya Carina pa Boma la Mangochi

Pa Boma la Mangochi pali malo amene munthu angadziwe matenda a galimoto asanatsegule n'komwe boneti. Ndi pa chipilala cha wotchi chija chimene chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, nthawi imene tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston. Pamenepo msewu umalunjika pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndipo chilichonse chochokera kutsidya kwa Shire chimadutsa pamaso pako chitachepetsa liwiro. Ndinaima pamenepo m'mawa wina wa mwezi wa October, dzuwa litayamba kale kuluma, n'kutchera khutu kunsi kwa galimoto. Ina inadutsa ikugogoda gu gu gu pa kabampu kalikonse. Ina inalira kwee pokhota. Ina inali itakhala pansi kumbuyo, mphuno m'mwamba, matumba a usipa atamangidwa ndi zingwe pa buti yosatsekeka. Inanso, poiyang'ana kutsogolo, tayala lakumanzere linali litapendekera m'kati pomwe linzake laima chilili.

Mlathowu unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndipo galimoto zambiri zimene zimauwoloka zinachokeranso komweko zitayenda kale, zina zitatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Masiku ano zadzaza ndi Sienta ndi Probox, koma zakale zija zikadalipo: Corona, Carina, Camry, Mark II, Bluebird ya Nissan. Kampani ya Toyota inasiya kupanga Carina ndi Corona mu 2001, m'malo mwake kunabwera Allion ndi Premio, kotero Carina iliyonse imene mungakumane nayo ku Mangochi lero yapitirira zaka 20. Injini zake n'zopirira, n'chifukwa chake eni ake sazitaya. Chimene chimayamba kugonja ndi miyendo.

Gwero lake lili m'misewu imene imatuluka pa Bomali. Wa ku Liwonde, wa makilomita pafupifupi 75, unamangidwanso ndi ndalama zochokera ku African Development Bank, ndipo kumeneko galimoto imapumako. Wa ku Monkey Bay ndi wa phula, koma madoko a asodzi, malo ogona alendo ndi midzi ya m'mphepete mwa nyanja sizili paphulapo. Umayenera kupatuka n'kulowa mumchenga. Ukawoloka mlatho, msewu wina umakwera phiri mokhotakhota kupita ku Namwera mpaka pa Chiponde, m'malire ndi Mozambique. Winawo ndi uja wodzera ku Malindi kupita ku Makanjira, umene kwa zaka zambiri wakhala pakamwa pa anthu chifukwa cha maenje, fumbi ndi kuduka nthawi ya dzinja. Galimoto imene anaipangira anthu asanu pa phula losalala imayenda m'menemo itasenza anthu ochuluka, nsomba ndi matumba a chimanga.

Kuchokera pa wotchipo ndinabwerera chakumsika, ndikuzemba akabaza, n'kupatukira m'kanjira ka mchenga kuseri kwa masitolo. Galaja imene ndinalowa ilibe chikwangwani. Ili ndi mtengo waukulu wa nimu, kashedi ka malata, ndi dothi lakuda bii ndi oyilo wa zaka zambiri. M'mphepete mwa mpanda muli zigoba za galimoto zimene zinaphwasulidwa pang'onopang'ono mpaka kutsala mafupa okha. Pamthunzipo panali Carina yoyera, ya bambo wina amene amanyamula anthu pakati pa Boma ndi Namwera.

"Madala, ikugogoda kutsogolo kuno, ndiponso ikukokera kumanzere," anatero mwini wake. "Tayala ili ndagula posachedwa, koma taonani mmene ladyekera."

Makaniko wamkulu, bambo wa imvi wovala kofiya ndi ovololo yong'ambika m'mawondo, sanathamangire sipanala. "Zimitsani, achimwene. Tiione kaye," anatero. Anayamba ndi kupapasa tayala lija ndi chikhatho, kuchokera kunja kupita m'kati. Mbali ya kunja mapanga anali akadalipo, koma m'kati munali mosalala, ulusi utayamba kuoneka. Kenako anatsamira pa ngodya ya galimoto, kuikankhira pansi ndi thupi lonse n'kuisiya. Inakwera, n'kutsika, n'kukweranso, n'kutsikanso isanakhazikike. Galimoto ya shock yabwino imakwera kamodzi n'kuima.

Mnyamata wophunzira ntchito anabwera ndi jeke. Galimoto itakwera anaika rimu yakale kunsi kwake kuti jekeyo ikaterereka isapsinje munthu, ndipo ndinakondwera kuona zimenezo, chifukwa ndadutsapo malo ena kumene munthu amagona pansi pa galimoto itatsamira pa jeke yokha mumchenga. Makaniko uja anagwira tayala dzanja limodzi pamwamba, lina pansi, n'kuligwedeza. Linayankha pang'ono: tu tu. Analigwiranso kumanja ndi kumanzere, n'kuligwedeza. Apa linaseweratu, ndipo phokoso linamveka ngakhale kwa ine amene ndinaima patali. Anauza mnyamata uja kuti apitirize kugwedeza, iye n'kulowetsa dzanja kuseri kwa tayala, kugwira chitsulo chimodzi, kusiya, kugwira china, maso ali kumbali. Ankafuna kumva ndi zala pamene pali mpata. Atadzuka anatchula zinthu zinayi: tie rod end yatha, ball joint yayamba, mabushi a mkono wa pansi ang'ambika, ndipo shock yataya mafuta.

Tayala litachoka, zonse zinaonekera poyera, ndipo munthu ukaziona kamodzi sudabwanso ndi phokoso lija. Kutsogolo kwa Carina kuli kamangidwe kotchedwa MacPherson strut, kamene kanatenga dzina la injiniya wa ku America, Earle MacPherson. Shock imaima chilili m'kati mwa sipuling'i yopotana. Pamwamba imamangidwa ku thupi la galimoto kudzera pa mphira wokhala ndi bearing, kuti zonsezo zizitha kuzungulira ukakhotetsa. Pansi imamangidwa pa chitsulo chimene chimagwira tayala. Sipuling'i ndi imene imasenza kulemera. Ntchito ya shock ndi kuletsa sipuling'iyo kuti isamangodumpha: m'kati mwake muli mafuta amene amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kukanika kwa mafutawo ndi kumene kumaziziritsa kudumphako. Mafuta akatayika, tayala limadumphadumpha pamsewu m'malo mogwira, limadyeka zigambazigamba, ndipo mabuleki amatenga mtunda wautali chifukwa tayala limene lili m'mwamba silingaimitse galimoto. Shock ya Carina ija inali yonyowa kuyambira pamwamba, fumbi litamatirira pa mafutawo.

Kunsi kuli mkono wachitsulo umene mbali ina umalumikizana ndi thupi la galimoto kudzera m'mabushi a mphira, mbali ina umathera pa ball joint. Kachipangizo kameneka kamagwira ntchito ngati fupa la m'chiuno mwa munthu: kampira ka chitsulo kamazungulira m'chikho chake, kali m'girisi, katavindikiridwa ndi kamphira. Tie rod end nayo ndi yopangidwa chimodzimodzi, koma ntchito yake ndi kulandira mphamvu yochokera pa chiwongolero. Ukakhotetsa, kagiya kakang'ono kamakankha chitsulo chachitali cha mano chotchedwa rack, chitsulocho chimakankha rack end, rack end imakankha tie rod end, ndiyeno tayala limakhota. Paliponse pamene pali mpata mu mzere umenewu, dalaivala amakhotetsa koma tayala limachedwa kumva.

Makaniko uja anandiitana kuti ndione kamphira ka tie rod end. Kanali kouma, kosweka, kong'ambika mbali imodzi. Anakafinya ndi chala ndipo m'malo mwa girisi woterera munatuluka phala lakuda lokhakhala. Anandipaka pang'ono pa chala kuti ndilitikite: munali mchenga. Uwu ndiye mliri wa galimoto za kunyanja. Kutentha kwa Mangochi kumaumitsa mphira, mphira ukasweka mchenga umalowa, ndipo mchenga wosakanikirana ndi girisi umapala chitsulo usana ndi usiku. Mvula ikabwera, madzi a m'zithaphwi amatsuka girisi wotsalayo. Kamphira kameneko n'kotchipa kuposa china chilichonse pansi pa galimoto, koma sindinaonepo dalaivala akugwada kuti akayang'ane kasanayambe kugogoda.

Apa m'pamene panabuka nkhani imene inandikhalitsa pa galajapo tsiku lonse. Mwini galimoto anawerenga ndalama za m'thumba n'kufunsa motsitsa mawu: "Madala, simungangozipana? Ndiyendeko sabata ino, ndikapeza ndidzagula."

Kupana ndi njira yodziwika m'magalaja athu. Amatenga ball joint kapena tie rod end yotha, n'kumenya chikho chake ndi hamala kapena kuchifinya pa vaisi mpaka mpata utatsekeka, n'kupakamo girisi. Phokoso limatha, mwini galimoto amapita akumwetulira. Koma chitsulo chimene chinadyeka sichibwerera, ndipo chikho chomenyedwa chimakhala chofooka kuposa kale.

Mkulu uja anapukusa mutu. "Mabushi tikudulirani pa tayala, palibe vuto. Shock ikhoza kudikira malipiro, bola muziyenda pang'onopang'ono. Koma ziwiri izi ayi, achimwene. Mumatsika nayo phiri la Namwera muli ndi ana a eni."

Ine ndili kumbali ya mkuluyu, ndipo ndikunena izi ndikudziwa kuti umphawi si nthabwala. Munthu amene amadya tsiku limene galimoto yayenda sakana kugula chitsulo chifukwa cha kusasamala. Mafuta akwera, matayala akwera, ndipo zipangizo zambiri zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja zimene dziko lino limasowa. Koma pansi pa galimoto pali zinthu zimene zikatha zimangokuvutitsa, ndipo pali zina zimene zikatha zimakulanda galimoto m'manja. Bushi ikatha umamva phokoso ndipo tayala limadyeka. Tie rod end ikazuka, tayala limodzi silimvanso chiwongolero, limalowera kumene likufuna. Makaniko amene amadziwa kusiyanitsa ziwirizi, n'kulimba mtima kukaniza kasitomala amene angapite kwa mnzake wapafupi akamupanire, ndi wofunika kwambiri pa Boma ngati ili.

Ndinatsagana ndi mnyamata uja kukagula zitsulo, atanyamula zakalezo m'kajumbo kuti akafananize. Sitolo za zipangizo za galimoto zili m'mbali mwa msewu waukulu, zing'onozing'ono, mabokosi atapakirana mpaka kudenga, malamba a injini atapachikidwa pa misomali. Wogulitsa anatulutsa mitundu itatu ya zitsulozo pa kauntala. Yoyamba inali yatsopano yotchipa, yopanda dzina lodziwika. Yachiwiri inali m'bokosi lolembedwa 555, dzina la ku Japan limene amakaniko ambiri amalikhulupirira pa ma ball joint ndi ma tie rod end, monga mmene amakhulupirira KYB pa ma shock. Yachitatu inali yakale, yochotsedwa pa galimoto yophwasulidwa kunja. Vuto n'lakuti maina odalirikawo ndi amenenso akuba amakonda kusindikiza pa mabokosi a zinthu zachinyengo, kotero bokosi lokha si umboni. Mnyamatayo, ngakhale akadali wophunzira, anadziwa chochita. Anaitulutsa, kuiyesa kulemera pa dzanja, kuyang'ana ngati mazinga ake adulidwa bwino, kukoka kamphira, kenako kuyesa kupinda kamutu kake ndi chala chachikulu. Yabwino imalimba, siigwedezeka ndi chala chimodzi. Ball joint ya Carina inapezeka. Zimene sizipezeka pa Boma amaimbira foni ku Limbe, n'kubwera pa minibasi tsiku lomwelo kapena mawa lake, galimoto ikudikira pa rimu.

Pobwerera tinaima kwa wodula mabushi. Amakhala pansi pa kashedi, pakati pa zidutswa za matayala a malole. Anayang'ana bushi yakale, kuiyeza ndi kachingwe, n'kusankha chidutswa chochindikala. Mpeni wake ankauviika m'kachitini ka madzi kuti uterere mumphira, n'kumasenga mozungulira, pang'onopang'ono, akuyesa pa mkono wachitsulo uja mpaka mphira utakana kulowa ndi dzanja. Bowo la pakati analiboola ndi paipi yonoledwa. Mabushi otere ndi olimba kuposa a ku fakitale, kotero galimoto imauma pang'ono ndipo mabampu umawamva mumsana, koma amapirira misewu yathu, ndipo akatha sakugwetsera m'phompho. Luso limeneli sindilinyoza ngakhale pang'ono.

Titafika, kuitana kwa swala ya masana kunali kukumveka kuchokera ku mzikiti, ndipo ntchito inaima kaye. Itayambiranso, ndinakhala pa chigoba cha batire n'kumaonerera. Asanamasule tie rod end yakale, mkulu uja anawerenga mazinga amene anali kuonekera, ndipo poimasula anawerenganso kuti yazungulira kangati, kuti yatsopanoyo ikafike pomwepo. Pochotsa kamutu kake sanamenye pa mazinga. Anamenya m'mbali mwa chitsulo chimene kamutuko kamalowamo, kawiri katatu, mpaka kanadumpha kokha. Atamanga nati, anafunsa split pin. Mnyamata anabwera ndi msomali, monga amachitira ambiri, ndipo anamubweza kuti akafufuze m'chitini mpaka aipeze yeniyeni. Mabawuti a mabushi sanawalimbitse galimoto ili m'mwamba. Anadikira kuti itsike, iime ndi kulemera kwake, ndiyeno anakwawira pansi kukamaliza. Ukalimbitsa ili pa jeke, mphira umapotoka galimoto ikangotsika, ndipo umakhala wopotoka choncho mpaka kung'ambika msanga.

Chiwongolero nacho chinali ndi dandaulo lake, kulira pokhota. Carina ili ndi pampu yoyendetsedwa ndi lamba wa injini, imene imakankha mafuta kuthandiza dalaivala kukhotetsa. M'kabotolo ka mafutawo munali motsika, ndipo otsalawo anali akuda, a fungo lopserera. Mkulu uja anafinya mphira wopindikapindika umene umaphimba mapeto a rack, ndipo munali mafuta, chizindikiro chakuti ma seal a m'kati ayamba kudontha. Anathiramo mafuta ena n'kulangiza mwini wake kuti aziyang'ana m'mawa uliwonse mpaka adzapeze ndalama yokonzera rack. Anamuuzanso kuti asiye chizolowezi chokhotetsa chiwongolero mpaka pamapeto n'kuchigwira pomwepo akamalimbana ndi mchenga, chifukwa pamenepo pampu imakankha mafuta amene alibe kopita, ndipo amatentha.

Ndinaona kuti galimotoyi inali yokwezedwa. Pamwamba pa ma shock anaikapo zokwezera zimene eni galimoto ambiri amaika kuti isamagunde pansi m'misewu ya dothi. Nzeru yake ndi yomveka kwa aliyense amene anamvapo mwala ukukhula kunsi kwa injini. Koma mtengo wake ulipo: mikono ndi ma CV joint, amene amafikitsa mphamvu ya injini ku matayala, zimagwira ntchito zitapendekera kuposa mmene anazipangira, timphira take timang'ambika msanga, ndipo galimoto yokwera imayepa kwambiri pokhota. Kukweza pang'ono kumathandiza. Kukweza mopitirira kumangosamutsa vuto.

Chomaliza chinali alignment. Pa galajapo palibe makina ake, kotero anagwiritsa ntchito chingwe. Anawongola chiwongolero, mwini galimoto atachigwira, n'kukoka chingwe kuchokera ku tayala la kumbuyo kudutsa la kutsogolo, n'kuyang'ana mpata umene watsala kutsogolo ndi kumbuyo kwa rimu. Ankapotoza tie rod pang'ono, kukankha galimoto kuti iyende mapazi angapo, n'kuyezanso. Matayala a kutsogolo akayang'ana kunja, amakhula msewu ndi mbali ya m'kati, ndipo n'chimene chinadya tayala latsopano lija. Chingwe chimafikitsa pafupi, koma mkulu uja ananena yekha kuti akapeza mpata apite nayo pa makina.

Poyesa galimoto anandilola kukwera kumbuyo. Tinatuluka pa msewu wa ku Monkey Bay, kudutsa Mpondasi kulowera cha ku Namiasi, milambe ndi migwalangwa ili mbali zonse, mbuzi zikuwoloka mmene zafunira, amayi atayala nsomba ndi mphasa m'mbali mwa phula. Msewu umenewu ndi umene umanyamula alendo opita ku Nkopola, ku Makokola ndi ku Cape Maclear, kumene kuli Lake Malawi National Park imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, ndipo ndi womwewonso umene njinga, ngolo, ana a sukulu ndi malole a nsomba amagawana. Pamalo powongoka mkulu uja anamasula manja pa chiwongolero kwa kanthawi kochepa, ndipo galimoto inayenda mowongoka. Anaponda mabuleki, sinakokere mbali. Kenako anapatukira dala m'kamsewu ka dothi kopita ku doko la asodzi, anatsitsa galasi n'kutulutsa khutu. Kugogoda kuja kunali kutatha. Kunatsala kudumpha kwa shock, kumene tonse tinkakumva galimoto ikatsika pa bampu n'kupitiriza kuyepa.

Galimoto iliyonse m'dziko muno imayenera kukhala ndi chiphaso cha COF chotsimikiza kuti ili bwino, ndipo chiwongolero ndi miyendo zili m'gulu la zimene zimayesedwa. Koma pepala limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa. Pakati pa tsiku limenelo ndi tsiku loyesedwanso pamadutsa dzinja lathunthu, maulendo osawerengeka a ku doko, ndi dzenje limene dalaivala sanalione usiku. Pa nthawi yonseyo woyesa weniweni ndi dalaivala mwini, ngati akumva kugogoda n'kupita nako kwa makaniko m'malo mokweza wailesi.

Titabwerera pa galaja tinapeza lole yaing'ono itakoka Mark II kuchokera kutsidya, pa msewu wa ku Malindi. Tayala la kutsogolo linali litagona cham'mbali m'kati mwa mudguard, mkono wa pansi utakhula msewu mpaka kuwala. Pa galimoto imeneyi kamangidwe ka kutsogolo n'kosiyana ndi ka Carina: ili ndi mikono iwiri, wa pamwamba ndi wa pansi, ndipo ball joint ya pansi imasenza kulemera kwa galimoto, kotero ikatha siichedwa kuzuka. Dalaivala wake anati zinachitika akuyenda pang'onopang'ono, akuzemba dzenje, ndipo palibe anavulala. Mkulu uja anagwada, anatola chikho cha ball joint chimene chinali chikulendewera, n'kuchitembenuza. M'mphepete mwake munali zipsera za hamala. Anaitana mnyamata kuti abweretse jeke ndi marimu awiri, ndipo anauza dalaivalayo kuti ayambe kuimba foni ku Limbe, chifukwa asintha mbali zonse ziwiri.